Muambe, phiri limene lidali la moto, ndi mapiri athu a kuno kumtunda

Atsogoleri a makalasi a kuwerenga, pali mau awiri amene akhala akutisokoneza pophunzitsa za dziko: "phiri lophulika". Buku la Cipwitikizi likati vulcão, ambiri a ife timamasulira conco. Koma amayi ndi abambo amene adakhalako ku Malawi nthawi ya nkhondo, akamva mau amenewa amakumbuka za ku Phalombe, kumene mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukwirira midzi. Anthu ankati phiri laphulika, ena ankati wadutsa Napolo. Acinyamata amakumbuka namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene adacita zomwezo ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe komweko. Tsono mtsogoleri akamanena za moto wocokera pansi, theka la kalasi likuganiza za madzi ocokera kumwamba, onse n'kumagwedeza mitu ngati amvana.

Napolo ndi nchito ya mvula. Dothi la m'mbali mwa phiri likakhuta madzi limalemera, limaterereka, n'kukokolola miyala ndi mitengo. Vulcão ndi cinthu cina: ndi malo amene mwala wosungunuka umaboola nthaka n'kutulukira kunja. Pa tsamba lino tizinena kuti "phiri la moto", ndipo tikupempha kuti nanunso muziyamba mwalekanitsa ziwirizi musanapite patsogolo.

Mukatero, funso lina silicedwa kubwera: "Nanga Domwe uja, nayenso adali wa moto? Nanga mapiri a ku Furancungo?" Yankho ndi lakuti ayi. Koma cigawo cathu ca Tete cili nalo phiri limene lidali la moto, ndipo ambiri a ife kuno ku Tsangano ndi ku Macanga sitidalimvepo n'komwe. Dzina lake ndi Muambe, lili m'boma la Moatize. Kuti tione kusiyana kwa Muambe ndi mapiri athu, tiyambe ndi mwala weniweniwo.

Mwala umasungunuka

Wophunzira wina adzatsutsa ndithu, adzati mwala sungasungunuke. Musakangane naye, ingomukumbutsani za ng'anjo. Makolo athu Amaravi ankatola miyala ya citsulo n'kuiika m'ng'anjo ya dothi pamodzi ndi makala, n'kusonkhezera moto mpaka zosafunika za m'mwalamo zitayenderera ngati phala, citsulo n'kutsala. Mpwitikizi wina, António Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi kumpoto kwa Tete pa ulendo wa kwa Kazembe mu 1831, adaona nchito imeneyi n'kuilemba. Makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka ku Tete ndi ku Sena. Mpaka lero polima timafukula zibuma zakuda, zolemera, za mabowomabowo, zotsala pa ng'anjo zija. Ena amati ndi miyala ya phiri la moto. Ayi, ndi nchito ya manja a anthu. Komabe zikutionetsa m'mene mwala umaonekera ukasungunuka n'kuumanso msanga.

Pansi pa dziko pamatentha. Okumba migodi amadziwa kuti ukatsika kilomita imodzi, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30. Izi sizitanthauza kuti pansi pathu pali nyanja ya moto. Mwala wa pansi, ngakhale ndi wotentha, ndi wolimba cifukwa ca kulemera kwa zonse zimene zaupsinja. Umasungunuka m'malo mwina mokha, makamaka kumene khungu la dziko likukokeka ndi kung'ambika, katundu amene adaupsinja uja n'kupepukako. Ukasungunuka umakhala wopepuka kuposa mwala wouzungulira, tsono umakwera pang'onopang'ono kufuna potulukira, monga mafinya m'cithupsa. Ukafika kunja timauchula kuti ciphalaphala, ndipo kawirikawiri cimatentha madigiri 1,100 kapena 1,200. Paja madzi a tiyi amawira pa 100 basi.

Apa pali cinthu cimene mungaphunzitse mutagwira mwala m'manja. Ciphalaphala cikatulukira kunja cimazizira msanga, ndipo timibulu ta m'kati mwake sitipeza nthawi yokula. Mwala wake umakhala wa mtundu umodzi ukausweka, wopanda timibulu tooneka, nthawi zina wa mabowo a mpweya ngati m'kati mwa buledi. Koma cikalephera kutuluka, n'kuima makilomita angapo pansi, cimazizira kwa zaka zikwi zambirimbiri, timibulu n'kukula mpaka kuoneka ndi maso. Phala lothira m'mbale limazizira msanga, lotsala mumphika wovundikira pa phulusa limacedwa. Amayi samavutika kumva zimenezi.

Miyala ya kwathu

Swani mwala wa pa thanthwe ca ku Furancungo, muyang'ane pamene pasweka. Mudzaona timibulu toyera ngati mcere wa mibulu, tina totuwa kapena tofiirira tokula ngati nyemba ngakhale kuposa, ndi tina takuda tonyezimira. Ameneyu ndi granito. Adazizira pansi penipeni, sadaonepo dzuwa ali wamadzimadzi. Ku Tsangano ndi ku Angónia mwala wofala ndi wa mizeremizere, yoyera ndi yakuda, yopindika ngati citenje cofinya. Dzina lake m'mabuku ndi gnaisse. Iyi ndi miyala imene idakwiririka mozama, n'kufinyidwa ndi kutenthedwa mpaka kusintha maonekedwe, koma osasungunuka yonse.

Nanga idafika bwanji pamwamba pano? Ndi nchito ya mvula ndi mitsinje. Kwa zaka zosawerengeka madzi akhala akusenda dziko monga tisendera mbatata, ndipo zimene zidali pamwamba pa miyalayi zidapita kale ku Zambezi ndi ku nyanja ya mcere. Revubwe akamafiira m'dzinja, ndiye kuti nchito ija ikupitirira. Pamene mwala udali wolimba kuposa unzake, padatsala phiri. Domwe, wa mamita 2,095, amene Angoni a kwa Maseko adamanga patsinde pake m'zaka za m'ma 1870, ndi wotere. Sadakule kucoka pansi ngati culu ayi. Dziko lomuzungulira ndilo lidadyeka, iye n'kutsala ali ciimire.

M'zaka za pakati pa 2002 ndi 2007 boma lidacititsa nchito yojambulanso mapu a miyala ya dziko lino, ndipo mbali ya Tete adaigwira akatswiri otsogozedwa ndi bungwe la ku Finland lochedwa GTK. Iwo adapeza kuti granito wa ku Furancungo ali ndi zaka pafupifupi 1,040 miliyoni. Agogo ena adzafunsa kuti, "Adawerenga ndani zakazo, popeza kudalibe munthu?" Ndi funso labwino, musalinyoze. M'granito muli timibulu ting'onoting'ono tochedwa zircão. Kambulu kotere kakamapangika kamatsekera urânio pang'ono m'kati mwake, ndipo urânio ameneyu amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, losasinthasintha: theka lake limatha pa zaka pafupifupi 4,500 miliyoni. Akayeza urânio amene watsala ndi mtovu umene wapangika, amadziwa zaka zimene zapita. Zili ngati ndowa yodonthera m'beseni. Ngati mukudziwa kuti imadontha kapu imodzi pa ola, mukapeza makapu asanu m'beseni simufunsanso munthu kuti yakhala nthawi yaitali bwanji.

Manambala awa ndi aakulu kwa anthu amene angoyamba kumene kulemba 100. Yesani njira iyi. Njere imodzi ya cimanga ikhale caka cimodzi. Moyo wa agogo a zaka 80 ukukwana m'cikhatho. Thumba la makilo 50 limalowa njere ngati 150,000, tsono zaka miliyoni imodzi ndi matumba 6 kapena 7. Akaona zimenezi, tulukani nawo panja, muwauze kuti kuponda kamodzi ndi zaka miliyoni imodzi, matumba 7 aja. Khomani cikhomo pakhomo pa kalasi, cimeneco ndiye lero. Muambe ali pa mapazi 110 mpaka 135 kucoka pa cikhomo. Malasha a ku Moatize, amene adali nkhalango za m'madambo, ali pa mapazi ngati 270. Granito wa ku Furancungo ali pa mapazi 1,040, ulendo wokatunga madzi. Ndipo mbiri yonse imene timakonda kulemba m'masamba ano, ya Undi, ya Angoni, ya acikunda a ku Macanga, ikukwana pa kucindikala kwa cikhadabo, pafupi ndi cikhomo cija.

Pamene dziko lidang'ambika

Kale Africa, Amereka wa Kum'mwera, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica zidali dziko limodzi, limene akatswiri amalicha Gondwana. Zaka ngati 180 miliyoni zapitazo lidayamba kung'ambika. Ciphalaphala cidatuluka m'ming'alu yaitali n'kuyala pa dera lalikulu la kum'mwera kwa Africa. Mwala wakuda umene Zambezi amagwerapo pa mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi wa nthawi imeneyo, cimodzimodzi mapiri a ku Lesotho ndi a Libombos kumalire a Maputo. Kumunsi kwa Tete, pa Lupata, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa makoma a miyala, ina mwa miyalayo ndi ciphalaphala cakale.

Patapita zaka zina mamiliyoni 50 kapena kuposa, moto udabukanso, koma tsopano m'malo apatalipatali ngati zithupsa, kuyambira ku nyanja ya Chilwa mpaka ku cigwa ca Zambezi. Banja la mapiri limeneli amalicha dzina la Chilwa. Muli cilumba ca Chisi pa nyanja ya Chilwa, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, Kangankunde ku Balaka, ndi Salambidwe amene ali pa malire enieni a Moçambique ndi Malawi. Zomba ndi Mulanje nawonso ndi a m'banjamo, koma iwo adazizira pansi monga granito wathu, n'kudzavundukulidwa pambuyo pake. Muambe ndi m'bale wawo wa mbali ya kuno.

Maonekedwe a Muambe

Wocoka ku Tsangano amatsika ndi mseu wa ku Moatize, kusiya mphepo yozizira ya mbatata ya kacewere, tirigu ndi mapicesi, n'kulowa m'dziko la malambe. Minda yathu yambiri ili pa mamita 1,200 mpaka kupitirira 1,500 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene mzinda wa Tete uli pa mamita osakwana 200, ndipo cimene cimatentha kumeneko tonse tikucidziwa. Muambe ali kum'mawa cakum'mwera kwa tauni ya Moatize, kutali ndi mseu wa tala, kumpoto kwa Zambezi ca ku Lupata. Kutalika kwake ndi mamita ngati 780. Ataimikidwa pambali pa Domwe angaoneke mwana, koma m'cigwa muja amaonekera patali.

Codabwitsa ndi kapangidwe kake. Muambe alibe nsonga imodzi. Ali ngati nkhata yosenzera mtsuko itaikidwa pansi: mpanda wa mapiri wozungulira, m'kati muli cigwa. Kucoka mbali ina kufika mbali inayo ndi makilomita 6, ndiye kuti kumuzungulira patsinde ndi makilomita ngati 19. Cigwa ca m'katico cili mamita ngati 200 kutsika kucoka pa mlomo wa mpandawo.

Munthu angaganize kuti cigwaco ndi kamwa limene moto unkatulukira, losungika mpaka lero. Sizili conco kwenikweni. Phiri la pamwamba, la phulusa ndi ciphalaphala, mvula idalimaliza kalekale. Cimene tikuona lero ndi citsa, ndiye kuti khosi la phirilo. Mpanda wozungulira uja ndi mwala wa mcenga, wa m'gulu lomwelo la miyala imene imasunga malasha ku Moatize, gulu lochedwa Karoo. Mwala wosungunuka pokwera udauboola, udautentha, ndipo madzi otentha ocokera m'menemo adaulowerera n'kuuumitsa gwa. Amayi oumba mbiya akudziwa: mphika wosaocha ukausiya pa mvula umabwerera kudothi, wooca umakhala zaka. Mwala wa mcenga wa kutali udadyeka, wa pafupi ndi moto udatsala n'kukhala mpanda. Wa pakati ndiye wofewa, umasungunuka ndi madzi a mvula pang'onopang'ono, n'cifukwa cake pali cigwa, ndipo m'mwalamo muli mapanga ndi maenje.

Mwala wa pakatiwu ndi umene wachukitsa Muambe. Dzina lake ndi carbonatito. Ndi m'bale wa mwala uja timaocha kuti tipeze njereza yopaka nyumba. Mukaupera n'kudonthezerapo viniga kapena madzi a ndimu, umacita thovu, pamene granito samva kanthu. Tsono apa padali mkangano waukulu pakati pa ophunzira. Mwala wa njereza aliyense ankadziwa kuti umapangika m'madzi, kucokera ku zigoba za nkhono ndi tizilombo ta m'nyanja. Akatswiri ena a ku Sweden ndi ku Norway atanena kuti mwala wotere ungacokerenso pansi uli wosungunuka, ambiri adakana. Frank Dixey, amene ankatsogolera nchito ya za miyala ku Nyasaland, adayenda m'madera a Lupata n'kulemba za miyala yake mu 1929, ndipo mu 1937 iye ndi anzake awiri adafalitsa zimene adapeza pa mapiri a banja la Chilwa. Aka kadali koyamba kuti mwala wa mtundu umenewu uzindikirike mu Africa.

Mkanganowo udazirala cifukwa ca phiri lina la ku Tanzania, Ol Doinyo Lengai, limene Amasai amalicha phiri la Mulungu. Mu 1960 katswiri wina, J. B. Dawson, adatsikira m'kamwa mwake n'kupeza ciphalaphala ca carbonatito cikuyenda, cakuda ngati oilo wa galimoto. Cimatentha madigiri 500 mpaka 600 okha, ndipo pakapita masiku ocepa cimasanduka coyera. Pa dziko lonse lapansi malo a carbonatito odziwika ndi oposa 500, koma limene likutulutsabe mwala wotere ndi Lengai yekha. Mcere wa m'ciphalaphala cake ndi wosiyana ndi wa ku Muambe, komabe amene akufuna kuganizira m'mene mapiri a banja la Chilwa ankakhalira ali amoyo, ayambire pamenepo.

Kodi Muambe angadzukenso? Ayi, adazima zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo pansi pake padazizira kale. Mapiri a moto amoyo amene ali pafupi nafe ali kumpoto kwa nyanja ya Niassa, m'dziko la Tanzania: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, amene adatulutsa ciphalaphala ca m'ma 1800. Wa ku Goma ku Congo, Nyiragongo, amene adaononga nyumba za anthu mu 2002 ndi mu 2021, ali kutali kwambiri. Cimene tingaope ife ndi civomezi. Tsangano ali pa phewa la cigwa cacikulu ca nyanja ndi Shire, cimene cikung'ambikabe mpaka lero. Mukaima pa mseu wa kumalire pakati pa Biriwiri ndi Dedza n'kuyang'ana kum'mawa, mumaona m'mene dziko lidagwera pansi. Ku Salima kudagwedezeka mu Malichi 1989, ku Machaze m'cigawo ca Manica mu Febuluwale 2006, ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo monsemo nyumba zidagwa, anthu adafa. Zimenezo zikufuna tsamba lakelake.

Cifukwa cace tikulemba za phiri la kutali

Carbonatito pokwera kucoka pansi amabwera ndi zinthu zimene m'miyala wamba zimapezeka pang'ono kwambiri. Ku Muambe coyamba kudziwika cidali fluorite, mwala wa mtundu wacikasu kapena wobiriwira ngati thambo, umene amathira m'ng'anjo zosungunulira zitsulo ndiponso kupangira mankhwala a m'mafakitale. Fluor amene ali m'mankhwala otsukira mano ndi wa m'banja lomwelo. Pang'ono amalimbitsa mano, koma akaculuka m'madzi akumwa mano a ana amafiira. Kampani ya ku Australia, Globe Metals & Mining, idaboola phirilo ca m'ma 2010 mpaka 2012 kufunafuna fluorite, n'kupezanso cina.

Cinaco ndi zimene pa Cipwitikizi amati terras raras. Ndi gulu la zitsulo 17 za maina ovuta, monga neodímio ndi praseodímio, zimene amapangira maginito amphamvu a m'mafoni, m'galimoto zoyendera magetsi ndi m'makina opanga magetsi ndi mphepo. Zambiri mwa zitsulo zimenezi zakhala zikucokera ku China, tsono maiko ena akufunafuna kwina kozipeza. Ndico cifukwa cake maina a Kangankunde ndi Songwe akhala akumveka pa wailesi za ku Malawi. Ku Muambe kampani ya ku London, Altona Rare Earths, idalowa mu 2021. Mu 2023 idalengeza kuti yapeza matani 13.6 miliyoni a mwala wokhala ndi terras raras 2.42 pa 100 iliyonse, ndipo kumapeto kwa 2024 boma lidapereka cilolezo ca mgodi ca zaka 25.

Nambala ya 2.42 ija muiyike pa bolodi, ndi phunziro labwino la masamu. Pa mawilibala 100 a mwala wokumbidwa, cofunika sicikwana mawilibala atatu. Otsala 97 aja samakwera sitima ayi, amatsala pomwepo, operedwa ngati ufa, ndipo pamafunika malo owaunjika, madzi otsukira mwalawo, mseu ndi magetsi. M'migodi ina ya mtundu umenewu zotsalazo zimakhala ndi tório, amene amafuna kusungidwa mosamala. Malo amenewo ndi madzi amenewo amacokera kwa anthu.

Za zimenezi cigawo cathu cidaphunzira kale pa malasha. Kuyambira 2009 kampani ya Vale idasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize, ambiri n'kuwapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita ngati 40 kucoka ku tauni. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji ya malasha, akudandaula za nyumba zong'ambika ndi minda yosabereka, ndipo mu Ogasiti caka comweco boma lidatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012. Ife tikuona kuti malamulowo adabwera mocedwa kwa mabanja aja. Ndipo musaganize kuti izi n'za kucigwa kokha. Miyala yathu yakale ija nayo ili ndi zake: grafite ku Angónia, golide ca ku Chifunde, ndi miyala yofiira ya rubi pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, kungodumpha malire kucoka ku Tsangano. Tsiku lina galimoto ya anthu onyamula tinyundo ndi mapu ikhoza kuima pabwalo la mfumu yanu.

Lamulo la Malo la 1997, Lei 19/97, lidanena kuti nthaka ndi ya boma, koma lidavomerezanso kuti mudzi umene ukukhala pa malo mwa mwambo wa makolo uli ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo ngakhale ulibe pepala, ndiponso kuti umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo ndi umboni ndithu. Lidalamulanso kuti malo asanapatsidwe kwa munthu wina, anthu a m'deralo ayambe afunsidwa. Za pansi pa nthaka n'za boma, ndipo mu 2014 boma lidakhazikitsa lamulo la migodi. Kuyambira 2013 boma lidayamba kupatula 2.75 pa 100 ya msonkho wa zokumbidwa kuti ipite ku midzi ya kumene kuli mgodi, ndipo mu 2022 lamulo lidakweza gawo lobwerera ku cigawo, ku boma la dera ndi ku midzi kufika pa 10 pa 100 zonse pamodzi. Zonsezi zimayenda ndi mapepala a Cipwitikizi, ndipo pa msonkhano wofunsa anthu pamalembedwa cikalata cimene anthu amasainira kapena kudinda cala.

Tsono pophunzitsa za Muambe, musalekere pa nkhani ya moto. Tumani ophunzira abwere ndi mwala umodzi aliyense, wa ku munda, wa ku mtsinje kapena wa kuphiri. Auswe, anene ngati uli ndi timibulu, mizere kapena mabowo, kenaka alembe dzina la malo amene autola. Maina a timapiri, a madambo, a manda akale ndi a pamene padali ng'anjo kapena kacisi wa mvula afunsidwe kwa akuluakulu ndipo alembedwe m'kope la kalasi, pamodzi ndi caka ndi dzina la mudzi. Ambiri mwa maina amenewa sali pa mapu alionse, ndipo ndiwo amasonyeza malire a mudzi pamene afunsidwa. Kwa amene apita patsogolo, lembani pa bolodi mau amene adzakumane nawo: consulta comunitária, acta, licença, concessão mineira, indemnização, reassentamento. Hectare muipime nawo pabwalo, mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, kuti akamva "mahekitala 500" adziwe kuti akunena minda ya mabanja angati.

Pomaliza pa bolodi pomwepo lembani maina awiri moyandikana, Muambe ndi Muande, muwauze awerenge mokweza. Amasiyana pa mb ndi nd pokha, ndipo onse ndi mapiri a m'cigawo ca Tete amene makampani a migodi akhala akuwayendera. Muande ali kumpoto cakumadzulo kwa mzinda wa Tete, ndipo amadziwika ndi mwala wa citsulo ndi apatite, mwala umene amapangira feteleza wa fosifeti. Muambe ali mbali inayo, kum'mawa kupitirira Moatize. Ngakhale olemba nkhani amawasokoneza, tsono wophunzira wanu akalakwitsa koyamba, mubwereze naye modekha mpaka khutu ndi diso zigwirizane.